Pansi pa Duku la Sitayilo

"Vula dukulo ukhale pampando apa, ndisanakuvule ndekha!"

Asisi ake a Sitayilo anali atagwira chipeso chamchira dzanja lina, dzanja linalo paketi ya meshi yomwe anali ataing'amba kale ndi mano. Saluni inali isanatsegulidwe n'komwe, koma mawu awo ankamveka mpaka pa shopu ya mafoni yoyandikana nayo.

Sitayilo sanakhale. Anaima pafupi ndi sinki yotsukira mitu, manja onse awiri ali pa mfundo ya duku lake.

"Adokotala anati miyezi sikisi, asisi. Apa ndangokwanitsa iwiri yokha."

"Adokotala akowo ndi amene akukakuonetsa kwa apongozi Loweruka?"

Ndiye asisi anauyamba. Akuti zaka fifitini akuluka anthu, palibe ndi mmodzi yemwe anabwerako kudzadandaula. Akuti mkazi sapita koyamba kwa mayi a mwamuna atamanga mutu ngati wangotuluka kumene mu wodi. Akuti amuluka mofewa, osamva n'komwe kuti pali munthu akumugwira. Sitayilo ankakudziwa bwino kufewa kwa asisi ake. Kunali kufewa kuja kokweza nsidze m'mwamba, kokugonetsa chafufumimba masiku awiri mapilitsi a mutu ali pambali.

Dzina loti Sitayilo silinabwere lokha. Kuyambira ali ndi zaka thwelofu, iyeyo ndiye anali chikwangwani cha saluniyo. Masabata awiri aliwonse mutu watsopano: lero meshi yofika m'chiuno, mawa wivi, mkuja wigi yomata ndi guluu. Azimayi akalowa ankangoloza, "ndikufuna ngati za mng'ono wanuyo." Tsitsi la kutsogolo litayamba kubwerera m'mbuyo, asisi ankangopakapo jelo n'kudetsapo ndi pensulo. Mpaka tsiku lina akumumasula, chigamba chonse cha pamwamba pa khutu lamanzere chinapita limodzi ndi meshi. China chinatsatira paliwombo. Khungu lokhalokha, losalala ngati bondo.

Adokotala a khungu sanazungulire. Anati mizu yatopa ndi kukokedwa, ina ikadali moyo, koma ikakokedwanso kapena khungulo likachita chipsera, basi, tsitsi silidzabwereranso. Osaluka, osamata, osawotcha, osakanda. Anamupatsa kabotolo kodontheza m'mawa ndi madzulo, n'kumuuza kuti mankhwala aakulu ndi kuusiya mutuwo upume.

"Inu simukuopa apongozi," anatero Sitayilo motsitsa mawu. "Mukuopa kuti makasitomala aona zimene manja anu anachita."

Mawuwo atangotuluka analakalaka atawameza. Asisi anaika chipeso pa shelefu pang'onopang'ono, n'kupita kukayatsa ketulo yomwe inali itawira kale.

Apa m'pamene Sitayilo anaona kuti chitseko chinali chotsegula theka, ndipo Wazikhadabo anali ataima pomwepo ndi kachikwama kake ka mapolishi. Uyu anali ndi katebulo kake pakhomo pa saluniyo, kokonzerapo anthu zikhadabo. Ndi iyeyu amene anaitana Wamagetsi, mchimwene wa mnzake, kuti adzakonze dulaya youmitsira tsitsi chaka chatha, ndipo tsiku limenelo anadzola lipisitiki kawiri m'mawa umodzi. Wamagetsi anakonza dulayayo n'kutuluka ndi nambala ya Sitayilo. Mpaka pano nkhani imeneyo inali isanamutsike pakhosi Wazikhadabo.

"Mwadzuka bwanji nonse," anatero akumwetulira. "Pitirizani, ine makutu anga amatsegula naini koloko."

*

Cha m'ma teni foni ya Sitayilo inanjenjemera m'thumba la epuloni. Anali Wamagetsi. Mu foni anamusunga kuti Magetsi, ndi kachithunzi ka mphezi kumapeto.

*Bebi, za Loweruka zili boo? Amayi ayamba kale kusuntha mipando.*

Asanayankhe inalowanso ina.

*Sisi wanga akufunsa kuti ubwera ndi mutu uti, akuti amakuona pa peji ya saluni. Ndamuuza kuti masiku ano unalowa mpingo wa maduku.*

Ndi tinkhope toseka titatu.

Sitayilo analowa m'kachipinda kosungiramo matawulo n'kutsamira chitseko. Analemba, anafufuta. Analembanso, anafufutanso. Miyezi iwiri yonseyi anali akumunamiza munthuyu. Poyamba anati mutu ukumuwawa. Kenako anati ndi fasho yatsopano, iwe sungamvetse. Dzanja la Wamagetsi likangoyamba kukwera kuchoka paphewa, iye ankapeza chifukwa: foni ikulira, basi ija ikundisiya, taona galu uyo. Ndipo ankaona m'maso mwake kuti mnyamatayo wayamba kuwerengera zinthu mumtima, ngakhale pakamwa ankangoseka.

Ankaopa chani kwenikweni? Wamagetsi anamupeza ali ndi meshi yofika m'chiuno. Meseji yake yoyamba yeniyeni inali yoti, *iwe tsitsi limenelo umagona nalo bwanji.* Kodi munthu wobwera chifukwa cha makatani amakhalabe akapeza kuti zenera n'losweka?

Koma Loweruka linali litatsala masiku anayi, ndipo bodza lonyamula pamutu limalemera kuposa ndowa.

*Uli kuti? Ndikufuna ndikuonetse chinachake.*

*Eee. Ndiope?*

*Mwina.*

Foni inaonetsa kuti akulemba, n'kusiya, n'kuyambanso. Kenako inangobwera lokeshoni.

*

Anamupeza pa lanchi m'shopu yopanda kanthu, pamwamba pa masitepe awiri. Mawaya ofiira ndi akuda ali lendelende kudenga, pansi pali fumbi la simenti. Anzake anali atatsika kukadya. Wamagetsi anatembenuza chidebe cha penti kuti Sitayilo akhalepo, anachipukuta ndi chipewa chake, iye n'kukhala pa bokosi la zipangizo.

Sitayilo anamuuza kuti asalankhule mpaka amalize. Anafotokoza zonse mofulumira, maso ali pa nsapato: za meshi, za guluu, za chigamba chimene chinapita pomumasula, za adokotala ndi miyezi sikisi. Kenako anamasula mfundo ija, duku linagwera pamiyendo, iye n'kutsinzina.

Ziii. Panja galimoto ina inkaimba hutala. Anayamba kuwerenga chamumtima, akuti akafika pa teni amanganso duku n'kumapita, asamve n'komwe mawu achisoni aja amene anthu amalankhula akakhala kuti akufuna njira yothawira.

Ali pa seveni anamva kuti kete. Anatsegula diso limodzi. Wamagetsi anali atayatsa katochi kake kakang'ono kaja koyang'anira m'mabokosi a mafyuzi, ataima pambali pake, nkhope ili siriyasi ngati wapeza folti.

"Ndigwire?"

Sitayilo anagwedeza mutu kuvomera. Chala cha Wamagetsi chinali chokhakhala, koma chinayenda pakhungupo ngati chikuopa kudzutsa mwana.

"Ukudziwa kuti pamwamba pano pali tina tikumera?"

Sanadziwe. Pafupi ndi khutu ankatha kuona pagalasi, ndipo pamenepo panali pasanasinthe kwenikweni. Koma paliwombo ankangopapasa ndi mantha, ndipo panalibe munthu woti amufunse. Asisi ankatembenuza nkhope duku likangovulidwa.

"Usandinamize kuti ndisangalale."

"Ndikunamize ndipindulenji? Tofewa ngati ta mwanapiye. Dikira." Anayamba kuwerenga mokweza, akusuntha katochi pang'onopang'ono. Atafika pa twente-wani anati wasokoneza, ayambirenso. Apa ndiye Sitayilo misozi inamuthawa, ikugwera pa duku lili pamiyendo, uku akuseka.

Wamagetsi anagwada n'kumuuza kuti miyezi iwiri yonseyi sanagone bwino. Akuti ankaganiza kuti pali wina. Akuti tsiku lina mpaka anaganiza kuti mwina walembetsa dzina la mwamuna pamutu, n'chifukwa chake akubisa. Sitayilo anamumenya ndi dukulo paphewa.

"Ndiye sukuthawa?"

"Ndithawe ndasiya zipangizo zanga muno?"

Sitayilo anamusiya kuti amumange duku yekha, ngakhale anamanga mopotoka ngati bandeji. Asanatsike masitepe Sitayilo anamugwira kolala ya ovolosi.

"Osauza munthu. Ngakhale amayi ako. Ndidzawauza ndekha tsiku limene ndidzafune."

"Shuwa."

"Lumbira."

"Ndigwidwe ndi shoko."

*

Masiku atatu otsatirawo asisi sanamulankhule. Ankakhala nyumba imodzi, bafa limodzi, koma ankangodutsana ngati anthu a pa depoti. Ku saluni Wazikhadabo ndiye anali ndi nyimbo pakamwa tsiku lonse. Lachinayi anafunsa kasitomala wina mokweza ngati anamvapo za akazi amene amachita dazi ngati amalume awo, kenako n'kutembenuka, "sore Sitayilo, ndikutchingira fani?"

Sitayilo anangopitiriza ntchito yake. Madzulo akaweruka ankachita zake zija mwakachetechete. Madzi ofunda pang'ono, osati otentha. Shampu ya ana. Osapukuta mokhula, kungogunditsa thawulo. Chipeso anali atachiponya m'dirowa, ankapesa ndi zala. Madontho a adokotala pazigamba ziwiri zija, timafuta ta nsatsi kunsonga za tsitsi lotsalalo, pilo atamukutira ndi siketi yakale yoterera. Zinthu zazing'ono zoti munthu wina angaseke. Koma tsopano akagwira paliwombo ankadziwa kuti pali twente-wani, mwina kuposa, ndipo ankadontheza mankhwalawo ngati akuthirira mbewu ya mtengo wapatali.

Loweruka m'mawa ali pagalasi kulimbana ndi duku lake lakale, chitseko chinatseguka. Asisi analowa atanyamula nsalu yatsopano, yofiirira, yoterera ngati madzi. Anachotsa lakalelo, ndipo kwa nthawi yoyamba sanatembenuze nkhope. Anayang'ana zigamba zonse ziwiri, bwinobwino, mpaka m'maso mwawo munayamba kunyezimira. Kenako anakulunga nsaluyo, anaipinda kutsogolo, n'kuimanga pambali mfundo yooneka ngati duwa.

"Likuthina?"

Sitayilo anawayang'ana pagalasi. Zaka zonsezi atakhala pakati pa mawondo awo, funso limeneli anali asanalimvepo.

"Ayi, asisi. Lili bwino."

"Ine ndinkaona ngati ndikukukongoletsa," anatero asisi akukonza mfundo yomwe inali kale bwino. Kenako anamukankha paphewa. "Dzuka uzipita, usandililitse, ndadzola kale."

*

Amayi a Wamagetsi anali mayi wamtali, wa mawu odzaza nyumba. Anamulandira pakhomo ndi manja awiri, mwanangu wafika, mwanangu lowa, koma Sitayilo atayandikira kuti awakumbatire anabwerera kaphazi kamodzi n'kumugwira m'mapewa patali. Anamulozera mpando wa pakona. Mpando umenewo wokha unali utayalidwa thawulo potsamira mutu.

Ndipo pa kapeti, atapinda miyendo, anali Wazikhadabo, akupaka polishi zala za kumapazi za mchemwali wake wa Wamagetsi.

"Alamu, takulandirani," anatero mchemwaliyo, maso ake ali pa duku. Maso a aliyense anali pa duku. Ngakhale pomupatsa madzi osamba m'manja ankayang'ana m'mwamba.

Chakudya chinayenda bwino ndithu. Amayi anamufunsa za makolo, za sukulu, ngati amadziwa kuti mwana wawoyu amasiya masokosi paliponse. Sitayilo anaseka pofunika kuseka. Anayamba kudziuza kuti mwina thawulo lija ndi lobisa pong'ambika. Wamagetsi yekha ndiye sankadya, ankangosuntha chakudya m'mbale.

Mbale zitachotsedwa amayi analowa kukhitchini n'kubwerako ndi thireyi. Pathireyipo panali lumo latsopano lili m'pepala lake, thonje, ndi botolo la jamu lodzaza phala lotuwa. Atangotsegula chivindikiro, fungo la adyo, tsabola ndi palafini linagwira chipinda chonse. Mchemwali uja anatsokomola.

"Bwera ukhale pansi apa, mwanangu. Usachite manyazi, tonse muno ndife akazi, uyu ndi mwana."

Anafotokoza mokoma mtima, ngati akumupatsa mphatso. Akuti ana awo onse anadwalapo chipere ali aang'ono, ndipo onse anachira ndi botolo ngati lomweli. Akuti umayamba wapala ndi lumo mpaka timagazi tioneke, kuti mankhwala alowe. Kumawotcha masiku atatu, kenako pamachita nkhanambo, ikachoka basi tsitsi ngati udzu wa dzinja. Akuti asinja okha dzulo mpaka mkono kuwawa.

Sitayilo anayang'ana thireyiyo. Lumo. Nkhanambo. Zomwe zija adokotala ananena kuti zikachitika, kwatha.

Anayesetsa kuti mawu ake atuluke aulemu. Anathokoza chifukwa cha chikondi chawo. Anati si chipere, sichipatsirana, thawulo silikufunika. Anati ndi mizu yotopa ndi kulukidwa mothina, ndipo adokotala a khungu analetsa chilichonse chokanda kapena chowotcha. Anati tsitsi layamba kale kumera, likungofuna kulisiya.

"Adokotala," anatero amayi, akuseka kukhosi. "Miyezi iwiri ukudontheza timadzi tawo, ukadali m'duku. Ine ndikukuuza za masiku atatu."

"Ena amati zimayenda m'magazi," anaponyapo Wazikhadabo osadzutsa mutu, akuuzira chala cha mnzake. "Kaya, ine ndimangomva. Akuti mpaka ana."

Apa Sitayilo anatembenukira Wazikhadabo.

"Ndiye unathamanga nayo nkhani. Sunathe kudikira ngakhale sabata."

"Ine?" Wazikhadabo anaika dzanja pachifuwa, burashi ili pakati pa zala. "Pulizi, usandiike m'kamwa. Ine ndinangomva phokoso ku saluni. Za zigamba ziwiri, china pakhutu china paliwombo, ndazimvera muno lero. Funsa amene anaunika."

Sitayilo anayang'ana Wamagetsi. Wamagetsi ankayang'ana soketi ya pakhoma ngati ili ndi vuto.

Zinatuluka pang'onopang'ono, ngati msomali wadzimbiri. Akuti anawauza Lachitatu. Akuti amayi ankangofunsa za duku pa chithunzi chomwe anawaonetsa, ndiye anaganiza kuti akawauziratu sadzamufunsa mafunso pamaso pa anthu. Akuti ankafuna kumuchepetsera ntchito. Za lumo sanadziwe mpaka m'mawa uno, ndipo anayesa kulankhula, koma amayi anali atasinja kale.

"Lachitatu," anatero Sitayilo. "Unapirira tsiku limodzi."

"Bebi, sore, ndimaganiza kuti..."

"Walakwa chani pouza mayi ake?" Mawu a amayi anali atasintha tsopano, kukoma kuja kutachoka. Anati iwo sanamunyoze, sanamuseke, ena akanangomuuza mwana wawo kuti afune wina wa mutu wabwino. Iwo alowa kukhitchini kumusinjira mankhwala ngati mwana wobereka okha. Anati mtsikana wokana dzanja lawo tsiku loyamba, pamaso pa alendo, adzamva chani chawo akadzalowa m'banja? Anang'amba pepala la lumo n'kuloza pansi, pakati pa mapazi awo.

"Ngati ukufuna kudzalowanso pakhomo pano, khala apa."

Sitayilo sanasunthe. Sanali wokwiya ndi mayiwo kwenikweni, ankaona kuti mkono wawo unawawadi. Ankangodikira munthu mmodzi yekha m'chipindamo, amene anaona ndi maso ake zimene zili pansi pa nsaluyo, kuti atsegule pakamwa.

Wamagetsi anadzuka. Anabwera n'kugwada pambali pa mpando wa thawulo uja, anamugwira dzanja, n'kutsitsa mawu kuti ena asamve, ngakhale onse ankamva.

"Bebi, tamvera. Ingolola pang'ono. Kakona kamodzi kokha, pakhutupa pomwe sipanamere. Amayi asachite manyazi pamaso pa anthu. Tikatuluka tikatsuka."

Sitayilo anayang'ana dzanja lomwe linagwira lakelo. Analichotsa bwinobwino, chala chimodzichimodzi, n'kulibwezera pabondo la mwini wake. Anaimirira, anakoleka chikwama paphewa.

"Zikomo chifukwa cha chakudya, amayi."

"Ndiye mankhwalawa nditani nawo?"

"Mupakeni mwana wanu."

Anadutsa pakati pa thireyi ndi mabotolo a polishi, anatsegula chitseko n'kutuluka.